Tizilombo ta M'mimba mwa Mable

Mable Makwinja anafika zaka makumi asanu ndi ziwiri asanagonekedwepo m'chipatala. Ankakhala yekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Cowdray Park, ndipo ankagulitsa masamba ndi matimati pafupi ndi pokwerera maminibasi otchedwa makombi. Chaka chimene madzi a pachitsime anadwalitsa mzere wonse wa nyumba zawo, iye yekha ndiye anatsala ali chilili, kumatungira anzake madzi ndi kuwachapira zofunda. Azimayi a pamsika ankamuseka kuti Mulungu anamupatsa mimba ya mbuzi.

Mkulu wake, a Fainess, ankakhala ku Mpopoma, m'nyumba imene anasiya bambo awo, munthu wa ku Dedza amene anakalambira pa ntchito ya njanji m'dziko la eni lino. Kuchokera ku Cowdray Park kupita ku Mpopoma si mtunda woti munthu n'kudandaula nawo, koma awiriwa anali atatha zaka zisanu ndi zinayi osalankhulana. Anadana pa maliro a Loice, mwana wamkazi wa a Fainess, amene anamwalira pobereka. Mneneri wina anauza a Fainess kuti imfayo inachokera m'banja momwemo, kwa munthu wansanje amene sanaonepo mwana wakewake. Tsiku loika maliro, a Fainess analoza Mable chala pamaso pa anthu onse.

"Mimba yako inakana ana, ndiye wandidyera wanga!"

Mable anadzuka pa mkeka, n'kutuluka pageti. Sanapondekonso.

Lachiwiri lina m'mawa, akuwaza madzi pa mitolo ya repu, anaona bambo wina ataima patsogolo pa benchi yake, chipewa chili m'manja. Anali Brighton, mwana wamwamuna wa a Fainess, wowotcherera zitsulo ku Nketa. Ndevu zake zinali zitayamba imvi. Chichewa chake chinali cha ana obadwira kuno kuchilendo, chotsamira pa Chindebele, ndipo kwa iye Mable anali mamncane, kutanthauza mayi wamng'ono.

"Mamncane, amayi ali m'chipatala. Ino ndi sabata yachisanu."

"Chavuta n'chiyani?"

Brighton anafotokoza. Matenda a shuga anawabweretsera chilonda kuphazi, ndipo madokotala anawapatsa mankhwala amphamvu kwa miyezi iwiri kuti phazilo lisadulidwe. Chilondacho chinapola. Koma kuchokera pamenepo anayamba kutsegula m'mimba, kakhumi kapena kupitirira pa tsiku. Akawapatsa mankhwala ena zinkasiya masiku anayi, kenako n'kuyambiranso.

"Adokotala akuti mankhwala aja anapha tizilombo tonse ta m'matumbo, toipa ndi tabwino tomwe. Ndiye kachilombo kena kouma mutu kapeza malo, kakuchita zofuna zake. Akuti njira yatsala ndi imodzi, kutenga tizilombo tabwino kwa munthu wathanzi n'kuwaika amayi."

"Kutenga bwanji?"

Brighton anayang'ana pansi. "M'chimbudzi chake, mamncane. Munthuyo amapereka chimbudzi chake. Ine anandikana chifukwa ndinamwa mankhwala a dzino mwezi wathawu. Mkazi wanga ndi woyembekezera. Ndasowa kolowera."

Mable anapukuta manja pa epuloni yake, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Amayi ako akudziwa kuti wabwera kuno?"

"Hayi, sakudziwa."

Tsiku lomwelo masana, Mable anasiyira mnzake benchi n'kukwera kombi yopita m'tauni. Kuseri kwa chipatala kunali kachipinda kamene madokotala ena ankachitiramo kafukufuku wa tizilombo ta m'matumbo ndi m'kamwa. Anamulandira namwino wina wachikulire, a Nobuhle Dube, amene analankhula naye m'Chindebele mosabisa mawu.

"Mama, si aliyense amene timamulandira. Pa anthu khumi, mwina mmodzi. Tikutengani magazi, tiyeze matenda a chiwindi, kachilombo, chindoko ndi zina. Chimbudzi chanu tiyeza ngati muli njoka za m'mimba. Malovu anu tisunga, tikufuna tidziwe tizilombo timene timakhala m'kamwa mwa anthu osadwaladwala. Mukapezeka bwino, chimbudzicho timachisungunula m'madzi amchere, n'kusefa, kuti patsale madzi okhala ndi tizilombo tabwino. Amenewo ndi amene timapatsa wodwala."

Anamufunsa mafunso odzaza masamba anayi. Amadya chiyani? Anamwa liti mankhwala a kuchipatala komaliza? Mable anati sakukumbuka, mwina zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Amadya nyemba, bonongwe, therere, mapira, maheu ophika yekha, nyama mwa apo ndi apo. Namwino anamwetulira pang'ono n'kumupatsa timabotolo tiwiri, kakang'ono ka malovu ndi kokulirapo kokhala ndi chotsekera chabuluu.

Mable anagwira timabotoloto n'kutiyang'anitsitsa. Bambo ake anawalera ndi malamulo: ukameta tsitsi ukwirire, ukawenga zikhadabo utaye m'chimbudzi, ukalavula ufotsere ndi phazi, chifukwa munthu woipa amayambira pa zimene thupi lako lataya. Tsopano iye, amene anatchedwa mfiti pamaso pa anthu, ankafuna kupereka za m'thupi mwake kuti zikalowe m'thupi la amene anamutchula dzinalo. Anatsegula kabotolo kakang'ono kaja n'kulavuliramo mpaka kufika pa mzere.

Zotsatira zinali zoti zituluka pakatha masiku khumi. Mable sanafune kudikirira kunyumba. Mawa lake anapita ku wodi ya azimayi nthawi yoona odwala.

Brighton akanapanda kumulozera bedi, sakanawazindikira. A Fainess anali mayi wathupi, wa mawu omveka mzere wachitatu, amene anagwira ntchito yosoka mabulangete kufakitale zaka makumi awiri ndi zisanu. Amene anagona pabedipo anali kamunthu kopepuka, maso olowa, milomo yong'aluka, dripi ili pamkono. Fungo linali loti ngakhale odwala anzawo ankatembenukira kwina.

"Asisi, ndabwera," anatero Mable.

A Fainess anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kukhoma.

Anamwino anali ochepa, odwala ambiri. Mwana wamwamuna sangasambitse mayi wake, ndipo mpongozi woyembekezera anamuletsa kuyandikira matendawo. Mable anavala magolovesi amene anamupatsa, anakoka katani, n'kuwasambitsa. Anawasintha thewera, anawapaka mafuta pamsana pomwe khungu linali litayamba kunyuka. A Fainess sanakane. Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Mable ankabwera m'mawa ndi madzi ofunda m'fulasiki, ankachoka dzuwa litapendeka, ndipo mawu okhawo amene ankamva kwa mkulu wake anali "pang'onopang'ono" ndi "basi".

Tsiku lakhumi, a Nobuhle anamuitana ali m'khonde.

"Mama Makwinja, zonse zili bwino. Magazi oyera, m'mimba moyera. Chiyambireni ntchitoyi sindinaone zotsatira zokoma chonchi."

Koma panafunika kuti wodwala asaine pepala lovomera. Dokotala, mayi wachitsikana wovala magalasi, anakhala pamphepete pa bedi n'kufotokoza zonse, Brighton akuthandiza kumasulira pamene mayi ake sanamve. A Fainess anamvetsera maso ali chitsinzinire.

"Ndamva. Nanga munthu wathanziyo ndi ndani?"

Brighton anakanda m'mutu. Mable anayankha yekha.

"Ndine, asisi."

A Fainess anatsegula maso. Anayang'ana Mable, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ndiye munapangana? Brighton, iwe ndi amene unakamutenga? Mukufuna mundithire za m'mimba imeneyo? Mimba imene inandilanda Loice?"

"Amayi, musatero..."

"Chotsani pepalalo. Ndife ndi matumbo anga."

Dokotala anayesa kuwauza kuti thupi lawo likutha madzi msanga kuposa mmene dripi ikubwezeretsera, ndipo impso zayamba kutopa. Anati wopereka wina angapezeke, koma kumupeza ndi kumuyeza kutenganso masabata awiri kapena atatu. A Fainess anakoka bulangete mpaka kumutu.

Mable anatuluka n'kukakhala pa njerwa kuseri kwa wodi. Brighton anamutsatira.

"Uxolo, pepani mamncane. Ndakubweretserani manyazi achiwiri."

"Pita kuntchito, mwana wanga. Ine ndikawasinthe, nthawi yakwana."

Anabwereramo, anakoka katani, n'kuwasambitsa monga mwa masiku onse.

Panapita masiku asanu ndi atatu. Abusa a mpingo wawo anabwera kudzawapempherera ndi kuwanyengerera, anakana. Brighton anagwada pansi pa simenti ya m'wodi, anakana. Mapazi awo anayamba kutupa, mkodzo unachepa. Mable ankadzisunga monga anamuuzira namwino: osamwa mankhwala alionse, osadya zogula m'njira, madzi owiritsa okhaokha. Ankadziona ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, woopa kupunthwa, pomwe mwini ludzu watseka pakamwa.

Tsiku lachisanu ndi chitatulo, akuwapukuta kumaso ndi kansalu konyowa, a Fainess anagwira dzanja lake. Zala zawo zinali zozizira.

"Mable."

Linali tsiku loyamba kumutchula dzina m'zaka zisanu ndi zinayi.

"Ndili pano, asisi."

"Bwanji sukutopa nane?"

"Ndatopa. Koma ndikusiyireni yani?"

A Fainess anapuma movutika.

"Ukuganiza kuti ndikuopa ufiti? Mfiti ikanandimaliza kale, masabata atatu ndili m'manja mwako ngati khanda. Chimene chikundivuta n'china. Ndikalandira zimenezi n'kuchira, ndiye kuti zaka zonsezi ndinakunamizira. Ndiye kuti Loice anangofa basi, popanda womupha. Ine ndizikwiyira yani?"

"Munandinamiziradi, asisi. Loice ndinamubereka kumbuyo ine, inu muli kufakitale. Pa maliro ake simunandilole ngakhale kulira." Mable anaika kansalu kaja pambali. "Zimenezo tidzakamba mukadzatuluka. Lero sainani."

Misozi inatsikira m'makutu mwa a Fainess, pakuti anagona chagada.

"Kaitane adokotala."

Anakonza zoti zichitike mawa lake. Anamuuza Mable kuti abweretse chimbudzi cha m'mawa womwewo, chisanathe maola awiri. Kwa moyo wake wonse, thupi la Mable linkadziwa nthawi yake ngati tambala. Koma m'mawa umenewo linakana. Anamwa madzi ofunda makapu atatu. Anazungulira nyumba, anasesa pabwalo posesa kale, anamwa maheu. Palibe chinachitika. Brighton anaimba foni kawiri. Mable anakhala pakhomo, kabotolo kali m'manja, akudzitukwana yekha.

"Mimba iwe, unandikana ana, lero undikanenso izi?"

Zinatheka dzuwa lili pamutu. Anatseka kabotoloko, anakakulunga m'mapulasitiki awiri, anakaika m'kabokosi kozizira kamene anamupatsa, n'kuthamangira kombi. Kombiyo inaima nthawi yaitali kudikira kuti idzaze. Mayi amene anakhala pambali pake anamufunsa ngati m'bokosimo muli ayisikilimu wogulitsa. Mable anangoti ndi mankhwala a mkulu wake.

Anafika patatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti maola awiri aja akwane. A Nobuhle analandira bokosilo ndi manja awiri n'kulowa nalo mkati. Chakumadzulo, dokotala analowetsa kapaipi kakang'ono m'mphuno mwa a Fainess mpaka m'matumbo, n'kuthiramo madzi aja pang'onopang'ono ndi jekeseni yaikulu. Mable anawagwira phazi nthawi yonseyo.

Pakutha pa masiku awiri, kutsegula m'mimba kunasiya. Tsiku lachitatu Mable anapeza thewera louma, ndipo anaitana namwino kuti adzaone, ngati munthu woonetsa mwana dzino loyamba. A Fainess anapempha chakudya.

"Ndikufuna phala la nsinjiro. Osati la kuno, lamadzimadzili. La kwanu."

Mable anabwera nalo mawa lake. Anadya masipuni asanu ndi awiri, akudandaula kuti mchere wachepa. Anamuuza Mable kuti awaluke tsitsi, chifukwa akuoneka ngati wamisala. Mable anakhala kumutu kwa bedi n'kuwaluka mizere isanu, tsitsilo likuthothokera m'chipeso. Anakamba za mtengo wa mapeyala wa ku Mpopoma umene unagwa ndi mphepo, ndi za anthu amene anamwalira m'zaka zimene sankaonana. Za Loice sanakambe. A Fainess anati adikire atuluke, akapitire limodzi kumanda.

Koma mapazi sanaphwe. Kutupa kunakwera mpaka m'mawondo, kenako kumaso. Tsiku lachisanu anayamba kusokoneza mawu, kumutcha Brighton dzina la malemu bambo awo a ku Dedza aja. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Mable akufika ndi fulasiki yake cha m'ma 7 koloko m'mawa, anapeza katani yokoka kale ndi Brighton ataima kunja kwake, manja ali kumutu.

Dokotala anawatengera pambali. Anati matumbo anali atachira, koma impso zinali zitawonongeka kale ndi kutha kwa madzi m'thupi.

"Akanasaina tsiku loyamba lija, bwenzi ali moyo?" anafunsa Mable.

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta. "Mwina, mama. Sindinganene motsimikiza. Ndikanama."

Maliro anachitikira ku Mpopoma. Mable analowa pageti lija, anakhala pakati pa azimayi, ndipo iye ndi amene anasambitsa thupi. Koma nkhani inali itafika kale m'makwalala, ndipo inafika yopindika. Ali kuseri kwa nyumba kukatsuka mbale, anamva amayi awiri a mumzere womwewo akunong'onezana.

"Akuti anamudyetsa chimbudzi chake."

"Nkosi yami, Ambuye wanga! Anayamba mwana, wamaliza mayi. Achipatala nawonso kulola zotero?"

Mable anapitiriza kutsuka. Anamaliza mbalezo n'kuzisanja padzuwa. Brighton anamva nkhaniyo kwa mkazi wake, ndipo pa nthawi ya mawu a banja, anaimirira n'kulankhula m'Chichewa chake chopunduka, mwadala, kuti akuluakulu amve.

"Amayi anga anadwala masabata asanu ndi anayi. Amene anawasambitsa ndi mamncane awa. Amene anapereka za m'thupi mwawo ndi awa. Amayi anasaina okha, ine ndikuona. Masiku atatu omaliza anadya, anaseka, anagona pouma. Amene ali ndi mawu ena abwere anene pano, bokosi lisanatuluke."

Palibe amene anadzuka. Ena anagwedeza mitu movomera. Amayi awiri aja anayang'ana kumbali, ndipo pobwerera kumanda anadutsa Mable osamugwira chanza.

Patapita masabata atatu, a Nobuhle anamuimbira foni. Anapepesa maliro, kenako anati pa zimene anapereka zija panatsala gawo lina, lili m'firiji yozizira kwambiri. M'wodi ya amuna munali bambo wina wodwala matenda omwewo. Anafuna kudziwa ngati angalole kuti amupatse, komanso ngati angamabwere kawiri pa mwezi kudzapereka zina.

"Zinathandiza chiyani, anamwino? Munthu wake tinakwirira."

"Zinagwira ntchito, mama. Tinangochedwa."

Mable anati za m'firijizo apereke, koma zobweranso aganize kaye. Anatha mwezi osapitako. Ankati akaona kabokosi kozizira kaja pamwamba pa kabati, mtima unkamuwawa, mpaka anakafundika chitenje. Kenako Lolemba lina anakatsitsa, n'kukwera kombi.

A Nobuhle anamuuza kuti bambo uja anatuluka akuyenda yekha. Dzina lake sakanamuuza, malamulo salola. Mable sanakakamize. Anapereka mkono kuti amutengenso magazi, chifukwa wopereka amayezedwa mobwerezabwereza. Kenako namwino anamupatsa kabotolo ka malovu n'kutembenuka kukalemba m'buku.

Mable anayesa kulavula, koma m'kamwa munali gwaa. Anayesanso, osatuluka kanthu.

"Zimachitika," anatero a Nobuhle. "Ganizani chinthu chowawasa. Ena amaganiza malambe, ena bwemba."

Mable anatsinzina. Chimene chinabwera m'mutu mwake ndi mandimu. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuseri kwa nyumba ya kapitawo wa njanji kunali mtengo wa mandimu, ndipo Fainess, ali mtsikana wa miyendo yaitali, ankamukweza pamapewa kuti athyole kudutsa pa waya. Ankakadyera mu ngalande, atathira mchere wobedwa kukhitchini. Tsiku lina kapitawo anawagwira, Fainess anati wathyola yekha, mwanayu wangomuperekeza, ndipo anakwapulidwa yekha.

Malovu anadzaza m'kamwa. Mable analavulira m'kabotolo mpaka kupitirira mzere, mapewa akugwedezeka ndi kulira. A Nobuhle anatenga kabotoloko, anakatseka, anamata nambala. Kenako anakoka mpando n'kukhala naye pafupi mpaka kulira kunatha.